Mowa wokoma umagwa bwanji pa mpikisano? Nkhani ya masitayilo ndi majaji

Anthu ambiri akamva zoti kunjaku kumachitika mipikisano ya mowa wofulula pakhomo amaganiza kuti majaji amangokhala pa tebulo nkumalawalawa, wokoma kwambiri ndiye wawina basi. Sizili choncho. Jaji sayamba ndi kufunsa ngati mowawo ukukoma, amayamba wafunsa kuti mwini wake walemba kuti ndi mowa wanji, ndipo zomwe zili mu tambulamu zikugwirizana ndi zomwe walembazo? Mowa utha kukoma mpaka munthu kunyambita milomo koma nkupeza malikisi ochepa zedi chifukwa waulowetsa mu gulu lolakwika. Zili ngati kuphika kondowole wabwino wamyaa nkukamuyika pa mpikisano wa nsima ya ufa woyera, olawawo akomedwa naye ndithu koma akuuzani kuti si nsima yomwe anayitanitsa.

Ndiye magulu amenewa amachokera kuti? Mipikisano yambiri ya ofulula pakhomo imatsata bukhu la bungwe lotchedwa BJCP, dzina lonse ndi Beer Judge Certification Program, lomwe linayamba mu 1985 ku America. Ntchito yake ndi kulembetsa mayeso anthu ofuna kukhala majaji komanso kulemba mafotokozedwe a mitundu ya mowa. Bukhulo amalikonzanso pakapita zaka, panali la 2015 kenako la 2021, ndipo lili pa intaneti laulere aliyense atha kulitsitsa pa foni. Koma ganizo loti mowa uli ndi masitayilo linayamba BJCP isanabadwe. Analitchukitsa kwambiri ndi mlembi wa ku England dzina lake Michael Jackson, osati woyimba uja chonde, yemwe mu 1977 anatulutsa bukhu lofotokoza mowa wa m'mayiko osiyanasiyana nkumawuyika m'mabanja. Ofulula a ku Germany kapena Belgium sanadikire bukhu kuti ayambe kufulula ayi, iwo ankangopanga zomwe makolo awo ankapanga ndi madzi, balere ndi yisiti zomwe zinalipo kwawoko, olemba mabuku anabwera pambuyo kudzapereka manambala.

Mu bukhu la 2021 muli magulu 34 a mowa ndipo gulu lililonse lili ndi ana ake omwe amapatsidwa chilembo. Mukamva munthu akuti "ndalowetsa pa 21A" akunena American IPA, mowa wowawa kwambiri wa ku America, 15B ndi Irish Stout, 10A ndi Weissbier mowa wa tirigu wa ku Bavaria. Vinyo wa uchi ndi cider, mowa wa maapulo, ali ndi mafotokozedwe awoawo padera, sali mu 34 muja.

Kagawidwe kake musakafune lojiki imodzi mutopa pachabe. Magulu ena amatsata dziko, monga gulu 3 lomwe ndi ma lager a ku Czech, gulu 14 la ku Scotland, 15 la ku Ireland. Ena amatsata mtundu wa mowawo pouwona ndi kakomedwe, gulu 4 ndi ma lager a ku Ulaya oyera omwe chimera chimamveka kwambiri pomwe gulu 5 ndi mowa woyera wa ku Ulaya komweko koma wowawa. Ena amatsata mphamvu, ena mbiri, gulu 26 ndi mowa wa mtundu womwe amonke a ku Belgium amafulula. Ndiye kuyambira 27 kukafika 34 ndi kwa zosakanizasakaniza, mowa wakalekale, wa zipatso, wa zokometsera, wa utsi, wokhalitsa mu migolo ya matabwa. Ine ndimaona kuti magulu akuluwa ntchito yawo yeniyeni ndi yoti mowa wofanana ukhale pa tebulo limodzi kuti lilime la jaji lisasokonezeke, sungamwe stout wakuda bii wa 8% kenako nkumayembekezera kuti umva bwinobwino ka lager kopepuka. Chomwe chili ndi tanthauzo lenileni ndi sitayilo, ka nambala ndi chilembo kaja.

Pansi pa zonsezi pali mzere waukulu umodzi, wa ale ndi lager, ndipo kusiyana kwake ndi yisiti. Ya ale imagwira ntchito pofunda, cha m'ma 18 mpaka 22 digiri, imathamanga ndipo imasiya tifungo ta zipatso. Ya lager imafuna pozizira cha m'ma 10 digiri, imachita pang'onopang'ono kenako mowawo umasungidwa pozizira kwambiri masabata angapo, zotsatira zake ndi mowa woyera pakamwa wopanda zambirimbiri. Green amene timamwa kunoyu ndi lager, ndipo mu bukhumo angakhale pa 2A, International Pale Lager. Apa tili ndi kaubale kathu ndi mbiriyi, munthu woyamba kupatula yisiti ya mtundu umodzi payokha anali Emil Christian Hansen ku labu ya Carlsberg ku Copenhagen mu 1883, ndipo fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Ndiye sizodabwitsa kuti Mmalawi ukamuuza mowa wa m'botolo m'mutu mwake mumabwera lager. Koma kwa munthu wofulula mu ndowa ku Matawale kapena ku Chinamwali lager ndiye wovuta kuposa onse, chifukwa opanda fuliji komanso magetsi akuthimathima chonchi yisitiyo imatenthedwa nkuyamba kutulutsa fungo la zipatso, ndipo jaji akalimva mu lager amadula malikisi. June ndi July ku Zomba kumazizira ndithu makamaka kukwera chakumtunda kwa Ku Chawe, ale amatheka bwinobwino miyezi imeneyo, koma October musayerekeze.

Pafupifupi sitayilo iliyonse ili ndi manambala ake asanu. OG ndi kulemera kwa madzi otsekemera a chimera yisiti isanayambe ntchito, madzi wamba ndi 1.000 ndiye shuga akachuluka nambala imakwera, amayeza ndi kagalasi koyandama kotchedwa hydrometer. FG ndi muyezo womwewo yisiti itamaliza kudya. Kusiyana kwa awiriwa mukachulukitsa ndi 131 mumapeza mphamvu ya mowa, ABV, mwachitsanzo kuchoka pa 1.050 kufika pa 1.010 ndi mowa wa 5.2% chakuti. IBU ndi kuwawa kochokera ku hops, timaluwa tobiriwira tija timathiridwa mowa ukuwira pa moto. SRM ndi mtundu, 2 ndi wotuwa ngati udzu wouma, 40 ndi wakuda osaona kuseri. Tengani American IPA, bukhu limati OG ikhale 1.056 mpaka 1.070, IBU 40 mpaka 70, mphamvu 5.5 mpaka 7.5%. Lager wa 2A uja IBU yake ndi 18 mpaka 25 basi. Ndiye munthu wozolowera Green akalawa IPA koyamba amaganiza kuti mowawo wawonongeka, pomwe ndi mmene ukuyenera kukhalira.

Koma apa mvetsetsani, jaji sayeza manambalawa. Pa tebulo lake palibe hydrometer palibe labu, ali ndi mphuno, maso ndi lilime basi, komanso sakuwona resipe yanu. Manambala aja ndi othandiza wofulula pokonza mowa wake. Ndiye mukalowetsa mowa muziganiza za mmene ukumvekera pakamwa osati zomwe munalemba mu kope tsiku lofulula. Mumafuna kupanga IPA koma hops anali wokhalitsa, anayenda mwezi wathunthu kuchokera ku Joni mu katundu wa munthu, mowa watuluka wofatsa wosawawa kwenikweni. Musaulowetse ngati IPA chifukwa choti mtima wanu unali pa IPA, ulowetseni pa 18B American Pale Ale kapenanso 18A Blonde Ale, kumeneko ukapeza malikisi abwino. Anthu ambiri amagwera pomwepa, amakakamira dzina lomwe analemba pa ndowa.

Tsiku la mpikisano mabotolo amabwera opanda dzina la mwini, pamangokhala nambala, ndipo pali anthu othandizira omwe amawatenga kozizira nkumawabweretsa limodzilimodzi. Majaji amakhala awiri kapena atatu pa tebulo, aliyense ndi pepala lake. Malikisi onse ndi 50 ndipo amagawidwa chonchi, fungo 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, mmene ukumvekera mkamwa 5, ndiye chithunzithunzi cha mowa wonse 10. Jaji amatsanula pang'ono mu kapu nkununkhiza nthawi yomweyo asanayang'ane nkomwe mtundu, chifukwa tifungo tina timathawa mu masekondi ochepa, amapukusa kapuyo, amaiphimba ndi dzanja kuti ifunde pang'ono nkununkhizanso. Kenako amaikweza powala kuwona mtundu, ngati mowawo uli mbee kapena wa chifunga, thovu ndi lotani ndipo likukhalitsa bwanji. Akalawa amameza, sizolavula ngati a vinyo, chifukwa kuwawa kwa hops ndi kakomedwe kotsalira kamamveka bwino ukameza. Aliyense amalemba payekha osayankhulana, akamaliza amafananitsa ndipo malikisi akatalikirana kwambiri amakambirana mpaka ayandikirane. Mowa wopeza 45 kupita mmwamba ndi wosowa kwambiri, 38 mpaka 44 ndi wapamwamba, 30 mpaka 37 ndi wabwino kwambiri, 21 mpaka 29 ndi womweka koma waphonya sitayilo kapena uli ndi tizolakwika, kutsika pamenepo ndiye kuti pali vuto lenileni. Owina pa matebulo onse amakakumana komaliza pa Best of Show, pamenepo stout amapikisana ndi lager koma funso likadali lomwe lija, ndi uti amene wafanana kwambiri ndi sitayilo yake.

Onani kuti maonekedwe ndi 3 yokha pa 50. Anthu amavutika kusefa mowa kuti uwale ngati wa mu shopu pomwe malikisi enieni ali ku mphuno ndi ku lilime.

Tsopano gawo lomwe limandisangalatsa ine ndi la zolakwika, chifukwa apa ndi pomwe mumawona kuti sitayilo ndiye imalamula chilichonse. Majaji amaphunzitsidwa kuzindikira mafungo oyipa ndi gwero lake. Diacetyl amanunkha batala ndipo amaterera pa lilime, amabwera mukachotsa mowa pa yisiti msanga isanamalize kuyeretsa. DMS amanunkha chimanga chophika, amachokera ku chimera ndipo amayenera kuthawa ndi nthunzi powiritsa, ndiye mukavindikira poto amabwereramo. Acetaldehyde ndi fungo la apulo wosapsa, mowa wanthete. Mowa womwe walowa mpweya umamveka ngati katoni yonyowa. Ndipo botolo likakhala padzuwa, makamaka lobiriwira kapena loyera, kuwala kumaswa zinthu za mu hops nkutulutsa fungo la kanyimbi, amene munagulapo mowa womwe kireti yake inakhala pakhonde la golosale tsiku lonse mukulidziwa fungoli. Nchifukwa chake ofulula pakhomo amasaka mabotolo a bulauni.

Koma chomwe chili cholakwa pa sitayilo ina chimakhala chofunika pa inzake. Fungo la nthochi mu lager wa 2A ndi mlandu, mu Weissbier likasowa ndiye mlandu, mowa umenewo umayenera kununkha nthochi ndi kanunkhira ka clove ndipo zonsezo zimachokera ku yisiti, palibe anathiramo nthochi. Kabatala kapang'ono mu German Pils, 5D, sikaloledwa, koma mu lager wa ku Czech wa 3B, mtundu womwe unayambira mu tawuni ya Plzeň mu 1842, kapang'ono kamaloledwa. Chifunga mu Pils ndi cholakwa, mu Hazy IPA, 21C, ndiye dzina lake lomwe. Kuwawasa mu stout ndiye kuti ndowa inali yosatsuka, koma gulu 23 lonse ndi la mowa wowawasa dala, muli Berliner Weisse, muli Lambic wa ku Belgium yemwe amamusiya poyera kuti yisiti ya mu mpweya igweremo yokha, mulinso Gose wa ku Germany yemwe amathiramo mchere ndi coriander. Munthu wakumwa masese akalawa Lambic sangadabwe kwambiri ngati mmene angadabwire mzungu wozolowera lager.

Ma stout okha alipo ambiri moti mutu ungazungulire. Irish Stout ndi wouma wopepuka, Sweet Stout pa 16A ndi wotsekemera nthawi zambiri chifukwa cha shuga wa mu mkaka yemwe yisiti imalephera kudya, Foreign Extra Stout pa 16D ndi wamphamvu wowawa, ndiye pali Tropical Stout pa 16C, wamphamvu komanso wotsekemera wokhala ndi ka zipatso, mtundu womwe unazika mizu m'mayiko otentha ngati a ku Caribbean. Onsewa ndi akuda, munthu wamba angoti stout, koma kuyika wotsekemera pa 15B ndi kutaya ndalama ya kalembera.

Ndiye tibwere pa zathu. Munthu wa ku Zomba akayamba kufulula sachedwa kuganiza zothiramo zomwe zili pafupi, masitiroberi ndi mabulosi omwe anyamata amagulitsa pa msewu wokwera kuphiri, malambe, bwemba, masuku nyengo yake ikafika, jinja, uchi. Zonsezi zili ndi malo mu bukhumo. Zipatso zimapita ku 29A, jinja ndi zokometsera ku 30A, uchi ku 31B, ndipo mukagwiritsa ntchito mapira kapena mawere m'malo mwa balere kapena powonjezera ndi 31A, Alternative Grain Beer. Magulu amenewa lamulo lake ndi loti mulembe pa fomu chomwe mwathiramo komanso mowa wapansi pake ndi wotani, mwachitsanzo Blonde Ale wa malambe. Ndipo jaji amafunafuna chilichonse chomwe mwalemba. Mukalemba malambe, uchi ndi jinja koma jinja osamveka, wakudulani, bola mukanangomusiya osamutchula. Komanso chipatso chisaphe mowa, akalawa nkumva ngati juwisi wa malambe wothira spirit ndiye kuti mwalephera, ayenera kumva kuti ndi mowa kaye kenako malambewo. Kwa jaji wakunja yemwe sanalawepo malambe chibadwire mumulembere mawu awiri atatu, kuti ndi chipatso chouma cha ufa chowawasa, apo ayi kuwawasa kuja akuwerengera ngati matenda a mu ndowa.

Nanga masese? Amayi ofulula ku Jali, ku Thondwe, ku Songani ndiwo akatswiri enieni a mowa wa pakhomo m'dziko muno, amaviyika mawere kapena chimanga mpaka chimere, kuyanika chimeracho, kupera, kuphika phala mu mgolo, kulisiya lisase, kuthira chimera china, kusefa, ndipo zonsezi amachita opanda thermometer, dzanja ndi lilime basi. Koma mu magulu 34 aja mulibe masese, mulibenso umqombothi wa ku South Africa kapena mowa wa mtundu wa Chibuku. Bukhulo linalembedwa ndi anthu omwe maso awo anali ku Ulaya ndi America, ndipo eni ake amavomereza kuti silinatchule mowa wonse wa padziko lapansi. Mukafuna kulowetsa masese lero mungawakankhire ku 31A chifukwa cha mbewu zake, kapena ku 34C, Experimental Beer, zomwe kwa ine ndi zoseketsa ndithu, mowa womwe agogo athu anaupeza makolo awo akumwa pa maliro ndi pa chinamwali nkumautcha woyeserera.

Malo oyenera kwambiri angakhale gulu 27 la mowa wakale, chifukwa mmenemo muli kale Sahti wa ku Finland, mowa wakumudzi wa chifunga, hops wochepa kapena wopanda, womwe nthawi zambiri sawiritsa nkomwe ndipo umamwedwa usanakhalitse. Ngati wa ku Finland analowa, palibe chifukwa cha sayansi choletsa wathu. Njira ina ndi yomwe mayiko ena anadutsa, kumapeto kwa bukhu la 2021 kuli gawo la masitayilo a m'madera, muli Dorada Pampeana ndi IPA Argenta a ku Argentina, Catharina Sour wa ku Brazil, Italian Grape Ale, New Zealand Pilsner. Amenewa analowa chifukwa ofulula a kumeneko anakhala pansi nkulemba okha kuti mowa wawo umanunkha chonchi, umakoma chonchi, manambala ake ndi awa.

Kulemba za masese sikungakhale kophweka komabe. Choyamba mowawu ndi wamoyo, umapitilira kuwira mpaka mu chipanda, ndiye wa lero m'mawa ndi wa mawa madzulo ndi mowa uwiri wosiyana, woyamba wotsekemera wopepuka chakufupi ndi thobwa, winayo wowawasa wamphamvu. Mafotokozedwe akuyenera kunena kuti jaji alawe tsiku liti. Chachiwiri mipikisano imafuna mabotolo otseka omwe amatumizidwa masabata angapo tsiku lisanafike, masese mukawatsekera mu botolo la galasi choncho ndiye mwapanga bomba, akufunika kubwera nawo mu chigubu m'mawa wa tsiku lomwelo. Pepala la malikisi nalonso lifunika kuliwerenga mwina, pa maonekedwe palibe zoti mowa uwale, pa mmene ukumvekera mkamwa kukhuthala ndi timisere ta chimera ndi zofunika osati zolakwika, IBU ndi ziro, ndipo SRM ilibe ntchito pa chinthu chomwe kuwala sikudutsa. Palinso nkhani yoti masese a chimera cha mawere ndi a chimera cha chimanga kapena mapira salawika mofanana, ena amawonjezera shuga kuti akhale aukali pomwe ena amati kutero ndi kuwononga mowa, ndiye olembawo akuyenera kugwirizana kaye ngati ndi sitayilo imodzi yokhala ndi ana awiri atatu kapena ndi masitayilo osiyana. Ndipo oti aweruze kuti awa ndi masese enieni awa ndi osapsa sangakhale ma Grand Master, majaji akuluakulu a BJCP ochokera kunja, akuyenera kukhala amayi omwe aja ndi makasitomala awo, wina angokhala pambali ndi cholembera kumalemba zomwe akunena.